Mzere umodzi umene unachotsetsa amayi ntchito

Aphungu,

Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba n'kuifufuta kwa masabata atatu. Lero ndangoti ipite mmene yatulukiramo, chifukwa ndikaigoneka tsiku lina ndiifufutanso.

Ndine bambo wa zaka 34, wapabanja, wa mwana mmodzi. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Tili ndi kakampani ka anthu atatu: ine, mnzanga amene timamutcha Wandevu, ndi mlongo wake amene amaphunzitsa makasitomala athu. Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya zitsulo, moti tsiku lonse timagwira ntchito kwinaku pansi akudula mapaipi.

Amayi ondibereka anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandilera ndi akulu awo, amayi aakulu, pamodzi ndi ana awo awiri, ndipo sindikumbukira tsiku limene anandisiyanitsa nawo. Ine ndimangowatchula kuti amayi. Kwa zaka 22 anagwira ntchito pa kaunta ya labu ya chipatala china. Ankalemba mayina a odwala ndi manambala a timabotolo ta magazi, zotsatira zikatuluka n'kuzipereka kwa eni ake. Ndi kaunta imeneyo imene inandiphunzitsa sukulu.

Chaka chatha chipatalacho chinafuna pulogalamu yatsopano ya ku labu, ndipo ntchitoyo inagwera ife. Amayi sanatilankhulireko kwa aliyense, anachita kumva kwa ine. Anavina m'khitchini atagwira mpeni wa anyezi m'manja. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditcha a Injiniya, ngakhale pondituma kukatenga mpando.

Pepani, ndikulowetseni pang'ono m'ntchito yanga, chifukwa popanda kutero simumvetsa chimene ndinalakwa. Tikamapanga pulogalamu sitijambula tokha batani lililonse kapena kabokosi kalikonse kolembamo. Pali zida zopangidwa kale zimene zimatijambulira zonsezo pa sikirini. Zidazi zimamvera malamulo a mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi malamulo a pulogalamu yonse, amene wolemba ngati ine amaika kamodzi n'kugwira ntchito pa tsamba lililonse: mtundu wa zilembo, kukula kwake, ndi mitundu ya pa sikirini. Mbali yachiwiri ndi masetingi a kompyuta iliyonse payokha, amene woigwiritsa ntchito amasankha malinga ndi sikirini yake komanso maso ake. Wina amafuna zilembo zikuluzikulu, wina zakuda bii. Ukazisiya zidazo osazisokoneza, zimayamba zafunsa kompyutayo kuti mwini wako amakonda zotani, kenako n'kutsatira.

Tsiku lokaonetsa pulogalamu kwa akuluakulu a chipatala, tinaiika pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano, imene wina anali ataikuzira zilembo. Pulogalamu yanga inamvera. Zilembo zinakula, mawu n'kusefukira kunja kwa mabatani. Batani lolembedwa kuti "Sindikizani zotsatira" linangotsala ndi "Sindikizani zo". Mkulu wa labu, amene antchito ake amamutcha a Koloko chifukwa m'mawa amaima pakhomo akuyang'ana wotchi, anafunsa kuti, "Tisindikize zo chiyani, zovala?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Njira yoyenera inali yokonza masamba onse kuti mabatani azikula limodzi ndi zilembo. Imeneyo inali ntchito ya sabata yathunthu, pomwe ife tinali ndi masiku awiri. Ndinadzera yachidule. Ndinalemba mzere umodzi wouza pulogalamu yonse kuti isamamvere kompyuta ya munthu aliyense, zilembo zikhale zazing'ono mofanana paliponse, zotuwa pa tsamba loyera, poti ndi zimene zinkaoneka zamakono. Ndinabisanso kabatani kosinthira kukula kwa zilembo kuti wina asadzandichititsenso manyazi. Sizinanditengere mphindi zisanu. Titakaonetsanso, a Koloko anagwedeza mutu n'kunena kuti tsopano zaoneka za anthu ophunzira.

Chimene chikundidya, Aphungu, ndi ichi. Zaka zitatu zapitazo ndine ndemwe amene ndinawakuzira amayi zilembo pa kompyuta yawo ya pa kaunta. Anandiitana Loweruka lina nditadutsa kumeneko, n'kundinong'oneza kuti manambala ayamba kuwavuta. Nditawakuzira anaseka, amvekere ndawabwezera maso a utsikana. Ndiye sindinganene kuti sindinkadziwa. Koma tsiku limene ndinkalemba mzere uja sindinawaganizire n'kamodzi komwe. M'mutu mwanga munali anthu oseka aja basi. Kuwonjezera apo, chipatala chinagula masikirini atsopano, aja amene zinthu zimaoneka bwino koma zing'onozing'ono kwambiri. Poti pulogalamu yanga inali itasiya kufunsa kuti ili pa sikirini yotani, zilembo zinasanduka nyerere.

Patatha miyezi isanu amayi anasiya ntchito. Anatiuza kuti maso afooka, thupi latopa, akufuna kupuma. Tinawakonzera kaphwando kunyumba. Ine ndinalankhulapo, nditamanga tayi, kuwathokoza chifukwa cha zaka zonse zija. Iwo ankangomwetulira akuyang'ana m'mbale.

Mwezi watha ndinapita ku labuko kukakonza makina osindikiza timapepala tomata pa mabotolo. Pa kaunta ndinapeza bambo wina wachikulire mphuno ili pa sikirini, diso limodzi atatsinzina. Ndisanafunse kanthu, mnzawo wa amayi amene anakhala nawo desiki imodzi zaka khumi ndi zisanu, amene onse amamutcha a Wayilesi chifukwa sazima, anandikokera m'kachipinda kosungira makatoni n'kutseka chitseko.

Anandiuza kuti sabata yoyamba yeniyeni ya pulogalamu yatsopanoyo amayi analemba dandaulo lakuti zilembo sizikuwerengeka, poganiza kuti olakwa ndi masikirini atsopano aja. A Koloko anaitana munthu woyang'anira makompyuta a chipatala. Iye anati masikirini alibe vuto, ndi pulogalamuyo imene ikukana kukuza zilembo, ndipo pakufunika kulembera kampani imene inaipanga kuti yapereka ntchito yosalongosoka. Nthawi imeneyo chipatala chinali chidakali kutiyesa, chikanatha kutichotsa. M'mawa mwake amayi anapita kukapempha pepala lawo lija, nati alemba molakwika. Analing'amba ali pa desiki.

Kenako anagula galasi lokuzira zilembo, lija la chogwirira, n'kumalibisa m'dirowa pansi pa kathaulo. Ankalitulutsa a Koloko akachokapo. Ntchito inayamba kuchedwa, mzere wa odwala unkafika panja, anthu n'kumawalalatira kuti gogoyu apite akalere zidzukulu. Mutu unkawapweteka tsiku lililonse. Tsiku lina anasokoneza 3 ndi 8. Zotsatira za mayi wina woyembekezera zinapita kwa munthu wina, iye n'kupatsidwa za mnzakeyo. Mayiyo anali ndi magazi ochepa kwambiri, koma anauzidwa kuti ali bwino. Anabweranso patatha masiku asanu ndi anayi atachita kunyamulidwa. Anapulumuka, mwana nayenso, koma zinangotsala pang'ono.

Amayi anaitanidwa pamaso pa akuluakulu. A Wayilesi analipo ngati mboni. Wina anafunsa ngati pulogalamu yatsopanoyo ili ndi vuto. Amayi anayankha kuti, "Pulogalamu ilibe vuto. Vuto ndi maso angawa." Akuluakuluwo anawauza kuti asiye ntchito mwakachetechete, ndipo m'fayilo mwawo munaikidwa kalata yonena kuti anagwira ntchito mosasamala. Zaka 22 osachedwapo ngakhale tsiku limodzi, ndipo pepala lomaliza m'fayilo mwawo ndi limenelo.

A Wayilesi anamaliza ndi kunena kuti, "Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Koma pakamwa panga mukupadziwa, komanso ndatopa kuona bambo awa akupsompsona sikirini."

Ndinabwerera ku ofesi n'kufufuta mzere uja. Ndinatha sabata ndikukonza mabatani onse mmene ndinayenera kuchitira poyamba. Kenako ndinatumiza pulogalamu yokonzedwayo ku chipatala, n'kulemba kuti takonza tina ndi tina ting'onoting'ono. Sindinauze Wandevu. Sindinauze mkazi wanga. Ku labu akuti akusangalala, bambo aja tsopano akukhala mowongoka.

Koma amayi ndiye akutha ndikuona. Munthu amene ankadzuka kusanache kusita diresi ya ku ntchito, lero dzuwa limafika pamutu akadali ndi chovala chogonera. Nsapato zawo za ku ntchito anapatsa aneba. Anasiya kuwerenga, ngakhale mauthenga a pafoni amadikira mdzukulu wawo wamkulu adzawawerengere, amati maso anatha. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena bodza lija layamba kuwalowa. Achemwali anga, mwana wawo woyamba, akuti amayi akalamba mwadzidzidzi, ndipo anawamva kawiri akufunsa a Wayilesi pafoni ngati mayi woyembekezera uja akupeza bwino. Koma pakabwera mlendo, nkhani yoyamba ndi yakuti mwana wawo ndi amene anapanga makompyuta a chipatala chonse.

Lamlungu lapitali ndinayesa. Tili pa tebulo ndinati, "Amayi, za pulogalamu ija." Sanandilole kumaliza. Anati, "A Injiniya, za ku ntchito zimatsala ku ntchito. Tandipatsirani mchere." Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuwapatsira mcherewo. Ndikuganiza kuti akudziwa kuti ndadziwa.

Panopa ntchito ikundikanika. Ndimakhala pa kompyuta tsiku lonse, manja ali zii, osalemba kanthu. Wandevu akuti mwina ndikayezetse shuga. Mkazi wanga anandifunsa maso ndi maso ngati ndili ndi mkazi wina, ine n'kungoti ayi. Ndikaulula ku chipatala, tikhoza kuchotsedwa, mbiri n'kufalikira, anzanga awiri n'kuvutika chifukwa cha ine, ndipo chimene amayi anatayira ntchito yawo chidzapita pachabe. Ndikakhala chete, kalata ija ikhalabe m'fayilo mwawo mpaka adzamwalire, ine ndikudya pa tebulo lawo Lamlungu lililonse. Kulikonse kumene ndikuyang'ana ndikuona khoma. Ndithandizeni, Aphungu, ngati thandizo lake lilipo.

Ndine L. K.
Tauni yathu ndi yaing'ono, chonde musaitchule.

A L. K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Sindikunamizani kuti palibe chimene munalakwa. Munalakwa, ndipo anthu awiri avulala nazo. Koma m'kalata mwanu muli zolakwa ziwiri zimene mwaziphatikiza, ndiye tiyeni tizilekanitse. Mzere uja munaulemba chifukwa cha changu ndi manyazi, osadziwa kumene udzafike. Kukonza mwakabisira n'kulemba kuti ndi tina ndi tina, kumeneko munachita mukudziwa, ndipo mukukuchitabe m'mawa uliwonse mukadzuka n'kusankha kukhala chete. Choyambacho simungachibweze. Chachiwirichi mungathe kuchisiya sabata ino, ndipo ndi chimene chikukuumitsani manja.

Dziwaninso kuti katunduyu si wanu nokha. Woyang'anira makompyuta anaona vuto, n'kulisiya poti pepala lang'ambidwa. A Koloko anamva ndi makutu awo, koma pa tsiku la mlandu sanakumbutse aliyense. Ndikunena izi kuti muone kukula kwenikweni kwa gawo lanu, osati kuti mupeze pobisala.

Yambani ndi mkazi wanu, lero lomwe. Mayiyo akuvutika ndi mkazi wina amene kulibe. Mupatseni nyuzi ino awerenge ngati pakamwa pakulemera.

Kenako pitani kwa amayi, pakati pa sabata, pamene palibe alendo kapena tebulo loti abisaleko. Musayambe ndi funso, chifukwa funso adzalikhotetsa monga anachitira ndi mchere uja. Nenani zinthu zitatu zokha: kuti mwadziwa za dandaulo limene anang'amba, kuti zilembo munazichepetsa ndinu, ndiponso kuti aliyense wa msinkhu wawo akanasokoneza manambala amene aja. Chachitatuchi ndicho chofunika kwambiri. Mayiyu ananama kuti akutetezeni, koma kunyumba akudziweruza ngati munthu amene anatsala pang'ono kupha mayi ndi mwana. Palibe amene wawauzapo kuti sanali wosasamala, ndipo munthu yekhayo amene ali ndi umboni wake ndinu. Mukamakhala chete mukuganiza kuti mukulemekeza nsembe yawo, koma mukuwasiya okha ndi mlandu umene si wawo. Mukatha kunena, muwatengere kwa dokotala wa maso. Mwina ndi magalasi atsopano chabe, mwina ndi china chofuna mankhwala, koma amve kwa munthu wodziwa m'malo momangodziuza okha kuti maso anatha.

Wandevu ndi mlongo wake muwauze musanalembere chipatala, chifukwa ntchito ndi yawonso ndipo sayenera kudzamva kwa ena. Adzakwiya, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Koma kalata ya ku chipatala iyenera kupita, afune asafune. Taganizani: kwa miyezi yonse ija anthu a pa kaunta ankawerenga nyerere zanuzo, osati amayi okha. Ndani akudziwa ngati palibe zotsatira zina zimene zinasokonekera osaonekera? Chipatala sichingayang'ane m'mbuyo ngati sichikudziwa kuti panali vuto. Lembani mwachidule: tsiku limene munaika mzerewo, chimene unkachita, tsiku limene munauchotsa, ndi pempho lakuti aunikenso zotsatira za nthawi imeneyo. Musadzitukwane m'kalatamo, musalozenso ena chala. Nkhani ya fayilo ya amayi yokha ndiye muyambe mwawafunsa. Dzina ndi lawo. Akalola, pemphani kuti kalata ya kusasamala ija iunikidwenso. Akakana lero, musawakakamize, mudzafunsenso pakapita nthawi.

Za ntchito yanuyo ine ndine mbuli, ndiye ndinafunsa mkamwini wanga amene amalembanso mapulogalamu. Atamva nkhaniyi anagwira pakamwa, n'kuvomera kuti naye anachitapo zofanana, mwayi wake panalibe amene anavulala. Akuti lamulo ndi lakuti zimene wolemba waika pa pulogalamu yonse zikhale poyambira chabe, mawu omaliza akhale a munthu amene wakhala pa sikiriniyo. Akuti kabatani kosinthira zilembo kabwerere poonekera, ndipo pulogalamu izikumbukira zimene munthu aliyense wasankha. Zilembo zotuwa pa tsamba loyera muzisiye, manambala azikhala akuda ndi otalikirana bwino. Musanapereke ntchito, muziiyesa pa sikirini yakale ndi yatsopano, zilembo zili zazikulu mpaka pomaliza. Ine ndiwonjezerepo changa: muziitana munthu wamkulu kuposa onse mu ofesimo, akhale pansi awerenge mokweza inu mukumvetsera. Ndipo mawa lomwe tsegulani mapulogalamu ena onse amene munapangira anthu, muone ngati mzere womwewo suli mwina.

Tsopano zowawa. Ntchito ya amayi mwina sidzabwerera, malo awo pali wina kale. Chipatala chikhoza kukuyamikirani chifukwa choulula, chikhozanso kukuchotsani, ndipo sindingakulonjezeni kuti chidzasankha chiti. Miyezi imene amayi akhala akudziona ngati chinthu chotha ntchito palibe angawabwezere. Zimene ndakuuzanizi sizikonza zonse. Zingothandiza kuti chinthuchi chisapitirire kudya anthu atatu m'nyumba ziwiri. Ngati pakatha masabata angapo tulo ndi chakudya zikukanabe, kapena mukayamba kuganiza zodzivulaza, musadikire yankho la m'nyuzi, pitani mukaonane ndi dokotala tsiku lomwelo, mkazi wanu akuperekezeni.

Chenjezo langa ndi ili. Musapite kwa amayi kukafuna kuti akutonthozeni. Mukakafika n'kugwa pansi ndi misozi, iwo adzadzuka n'kuyamba kukupukutani, adzanenanso kuti palibe vuto, ndipo mudzakhala mwawasenzetsa katundu kachiwiri. Misozi yanu mukakhetsere kwa mkazi wanu musananyamuke. Musayembekezerenso kuthokozedwa. Anapereka chinthu chachikulu mobisa, ndiye kuchiika poyera kukhoza kuwapweteka ngati mwawabwezera mphatso. Akhoza kukana zonse, akhoza kukwiyira mnzawo amene anaulula, akhozanso kukuuzani mawu amene simunawamvepo pakamwa pawo chibadwire. Muwamvetsere mpaka amalize, osadziteteza. Akakuuzani kuti mutuluke, tulukani mwaulemu. Mawa lake mupitenso.

Aphungu